Funsani za Nyumba ndi Mapuloti: Pepala Litsogole, Ndalama Pambuyo

Makalata a mwezi uno achokera ku Chipata, Katete, Petauke, Lundazi ndi Chipangali, kum'mawa kwa Zambia, ndipo pafupifupi onse akukamba za nyumba zochititsa lendi. Tawafupikitsa ndi kuchotsa mayina. Mitengo ya mapuloti, ya nyumba ndi ya lendi imene ili m'munsimu ndi imene olemba makalatawo atiuza okha.

Ndapeza puloti ya mamita 30 kwa 40 m'mbali mwa msewu wa ku Mfuwe, kungotuluka pang'ono m'tauni. Wogulitsa ali ndi kalata ya a nyakwawa ndipo akufuna K45,000. Ndikufuna kumangapo mafulati anayi, kenako nditengerepo nkhongole ku banki. Kalatayo ndi yokwanira?
*Mphunzitsi, Chipata*

Aphunzitsi, kalatayo ingakwanire kumangira nyumba yogonamo inu ndi ana, koma ku banki siingakupititseni. Malinga ndi Lands Act ya 1995, malo onse m'Zambia ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo ali pawiri: malo a boma, amene munthu amapatsidwa pa lease ya zaka 99, ndi malo a mafumu. Anu ndi a mafumu. Alibe nambala ku Unduna wa za Malo, ndiye palibe buku limene banki ingalembemo kuti malowo ndi chikole chake. Banki imabwereketsa pa chinthu chimene ingathe kugulitsa mukalephera kubweza.

Kuti malo otere akhale a title, pepala la boma lotsimikizira mwini malo, njira yake ndi iyi. Muyambe ndi mfumu yaikulu ya deralo, chifukwa lamulo limafuna chilolezo cha iyo, osati cha nyakwawa yekha. Mfumuyo imasaina fomu yake ndi pulani yoonetsa pamene pali malowo. Kenako mapepala apite ku khonsolo, imene imatumiza anthu kukaona ngati malowo alibe mkangano ndiponso ngati sakugwera pa msewu, pa manda kapena pa malo amene tauni inakonzera zina. Khonsolo ikavomereza imalembera Commissioner of Lands, mkulu wa boma wopereka malo. Ndiye pamabwera kalata ya offer, saveya wovomerezeka amayeza malo n'kukhoma mabikoni, ndipo title imatuluka pambuyo pa zonsezi. Muonetsetsenso khonsolo yoyenera: madera ena amene kale anali pansi pa Chipata tsopano ali ku Kasenengwa kapena ku Chipangali, ndipo mapepala olowera ofesi yolakwika amangogona.

Vuto lalikulu la mapuloti a m'mphepete mwa tauni n'lakuti munda umodzi umakhala wa banja lonse. Amalume agulitsa lero, adzukulu akabwera kuchokera ku Lusaka pa Nc'wala apeza mwathira kale konkire. Lamulo limanena kuti aliyense amene malowo akum'khudza ayenera kufunsidwa, ndipo makhoti amafafaniza title imene inatengedwa mozembera eni ake. Choncho musanapereke ngwee, khalani pansi ndi banjalo pamaso pa a nyakwawa. Alongo ake, abale ake ndi mkazi wa wogulitsa asaine, aliyense ndi nambala ya NRC. Oyandikana nawo mbali zonse zinayi ayende nanu m'malire, mukhomeretu zikhomo iwo akuona.

Pa K45,000 perekani kachigawo, zotsala mulipire mfumu ikasaina. Wogulitsa amene akana kudikira siginecha ya mfumu yake wakuuzani kale zimene mumafuna kudziwa.

Ndikufuna kugula nyumba ku Kalongwezi, ili kale ndi alendi. Mwini wake wandionetsa fotokope ya title ndipo akuti ndipereke theka tsopano chifukwa ali ndi vuto la mwamsanga. Ndiyambire pati?
*Mayi wa bizinesi ya mbewu, Chipata*

Mayi, fotokope imangokuuzani nambala ya puloti. Tengani nambalayo mukachite search ku Lands and Deeds Registry, kapena kudzera pa ZILAS, njira ya pa intaneti imene Unduna wa za Malo unayamba kugwiritsa ntchito mu 2023. Pepala la search lidzakuonetsani zinthu zinayi: dzina la mwini wake weniweni, zaka zimene zatsala pa lease, ngati pali mortgage, kutanthauza kuti nyumbayo ndi chikole cha banki, ndiponso ngati wina anaikapo caveat, chimene ndi chiletso cholembedwa ndi munthu amene akuti nayenso ali ndi mbali pa nyumbayo. Dzina la pa search lifanane ndi la pa NRC ya wogulitsa, chilembo ndi chilembo. Funsani kuona title yeniyeni ndi maso. Akayamba kuzungulira kuti ili kwa achimwene ku Lusaka, nthawi zambiri imakhala ili ku banki kapena kwa munthu wa kaloba.

Onaninso mtundu wa pepala. Lease ya zaka 99 imakhala ndi diagram ya saveya. Ilipo ina ya zaka 14 imene inkaperekedwa malo asanayezedwe, ndipo yambiri mwa iyo inatha kale nthawi. M'makomboni ambiri muli occupancy licence ya zaka 30 yochokera ku khonsolo. Onse atatuwa anthu amangowatchula "mapepala", koma mtengo wa nyumba ndi chidwi cha banki zimasiyana kutali.

Mukakhutira, pezani loya wanu, wosiyana ndi wa wogulitsa. Alembe contract of sale. Maloya ambiri amatsata mfundo za Law Association of Zambia. Depoziti yozolowereka ndi maperesenti 10, ndipo ikhale m'akaunti ya loya kufikira mapepala atatha. Contract ikangosainidwa, loya wanu aike caveat m'dzina lanu kuti nyumba isagulitsidwe kawiri. Wogulitsa apemphe state consent kwa Commissioner of Lands, pakuti popanda chilolezochi malo a title sasintha mwini. Consent siituluka ngati ground rent, lendi ya malo imene imalipidwa ku boma, ili ndi nkhongole. Kenako ZRA, bungwe la misonkho, ione mtengo wa nyumba, wogulitsa alipire Property Transfer Tax, ndipo nonse awiri mufunika TPIN. Ndiye musaine assignment, pepala limene limasamutsa nyumba kuchoka kwa iye kubwera kwa inu, ndipo ndalama zotsala muzipereke tsiku limene akukupatsani title yeniyeni, consent, satifiketi ya ZRA ndi makiyi. Assignment ipite ku registry msanga. Lamulo limapereka masiku 30 ngati yasainidwa komwe kuli registry, masiku 90 ngati yasainidwa kwina m'Zambia, ndipo pepala losalembetsedwa pa nthawi yake lilibe mphamvu.

Pa nyumba ya alendi pali zowonjezera zimene ogula amaiwala. Pitani nokha ku khonsolo mukaone ma rates, msonkho wa nyumba wa khonsolo, ndi ku Eastern Water and Sanitation Company mukaone bilu ya madzi, chifukwa nkhongole ya pa mita imadikira amene walowa. Lankhulani ndi alendi wogulitsa palibe: amalipira zingati, analipira mpaka mwezi uti, ndipo depoziti yawo ili ndi ndani. Si zachilendo kupeza kuti landilodi anatolera lendi ya miyezi isanu ndi umodzi sabata imene anaika nyumba pa malonda. Ndalama zimenezo zichotsedwe pa mtengo. Ndipo mubweretse saveya aone mabikoni. Mpanda wa mabuloko suonetsa malire, umaonetsa pamene womanga anafika.

Vuto lake la mwamsanga lingakhale loona ndithu. Lisasanduke lanu.

Ndili ndi K200,000. Pali nyumba ya mafulati awiri ya K600,000 ku Petauke, fulati iliyonse imabweretsa K2,500 pa mwezi. Ndikatenga K400,000 ku banki, lendi siingabweze yokha nkhongoleyo?
*Namwino, Petauke*

Ayi, Mayi, ndipo tiwerengere limodzi kuti muone kutalika kwake. Chiwongoladzanja cha mabanki amalonda m'Zambia chakhala pamwamba pa maperesenti 20 kwa zaka zingapo. Titenge 25 monga chitsanzo. K400,000 pa zaka 10 idzafuna pafupifupi K9,100 mwezi uliwonse. Mwezi woyamba, K8,333 ndi chiwongoladzanja chokha, ndipo nkhongole yeniyeni imangotsika ndi K770 osakwana n'komwe. Zaka khumi zikatha mudzakhala mutapereka pafupifupi K1,090,000.

Tsopano lendi. K5,000 pa mwezi ndi K60,000 pa chaka, kutanthauza maperesenti 10 a mtengo wa nyumba. Koma K60,000 ndi ya pa pepala. Chotsanipo mwezi umodzi pa chaka pamene fulati ili yopanda munthu kapena wa lendi wathawa usiku. Chotsani msonkho wa ZRA, ma rates, ground rent, inshuwalansi imene banki idzakukakamizani, penti, mipope, loko wothyoka, kupopa sepitiki tanki. Pangatsale K45,000, pafupifupi K3,750 pa mwezi. Banki ikufuna K9,100. Zotsalazo, zopitirira K5,000, zizichoka pa malipiro anu mwezi ndi mwezi, ndipo chiwongoladzanja cha nkhongole zambiri chimayenda ndi policy rate ya Bank of Zambia: ikakwera, instolomenti yanu imakwera, pamene wa lendi simungamukwezere pakati pa chaka.

Muyeso wake ndi wosavuta. Ngati nyumba ikubala pafupifupi maperesenti 8 mutachotsa zolipira zija, ndipo ndalama mwabwereka pa 25, kwacha iliyonse yobwereka ikukudyani. Kuti lendi ya K3,750 ibweze yokha nkhongole ya zaka 10 pa chiwongoladzanja chimenechi, simuyenera kubwereka zopitirira K165,000.

Sitikunena kuti muleke. Pitani ku mabanki atatu, kuphatikizapo Zambia National Building Society imene ntchito yake kuyambira 1970 ndi nkhongole za nyumba, ndipo aliyense akupatseni pepala loonetsa instolomenti, ndalama za arrangement, za valuation, za loya wa banki ndi za inshuwalansi. Funsani ngati pali chilango mukabweza msanga. Funsaninso ngati chiwongoladzanja chimawerengedwa pa nkhongole yotsala kapena pa yonse imene munatenga, pakuti maperesenti 20 owerengedwa pa ndalama yonse amaluma kuposa 25 owerengedwa pa yotsala. Dziwani kuti banki imabwereketsa pa mtengo umene valuer wake, woyesa mtengo wa nyumba, walemba. Akati nyumba ndi ya K520,000, gawo limene akupatseni lidzachokera pamenepo, ndipo kusiyanako mudzakufuna nokha.

Njira imene imathandiza ambiri ogwira ntchito m'boma ndi yomanga pang'onopang'ono. K200,000 yanu ingagule puloti ya mapepala abwino ndi kufikitsa fulati imodzi patali. Nkhongole yaing'ono ya zaka ziwiri kapena zitatu imalize denga, mawindo ndi magetsi, pamene kwacha iliyonse ikufulumizitsa tsiku lolowa wa lendi. Lendi ya fulati yoyamba ndi chilimba zimange yachiwiri. Ngati mumasonkha ku NAPSA, lamulo la 2023 limalola kutapa kamodzi maperesenti 20 a zosonkha zanu mukasonkha miyezi 60 kapena mukakwanitsa zaka 45 zakubadwa. Ndi kamodzi kokha m'moyo, ndiye ndalama zimenezo zilowe m'malata ndi simenti, zisathere m'mafiizi a ma agent.

Ndalama za village banking musamangire nazo maziko. Zimafuna kubwezedwa m'miyezi yochepa, pamene nyumba imabweza m'zaka.

Ndikufuna K80,000 yomalizira nyumba yanga ya lendi. Munthu wina wavomera kundibwereka, koma akuti tisaine contract of sale ya nyumbayo ndi kumusiyira title. Akuti n'zongosungira, ndikabweza tidzang'amba.
*Bambo wa ku Kapata*

Bambo, musasaine. Apa ndi pamene nyumba zambiri za m'matauni athu zapitira. Pepala limene akufuna silinena kuti mwabwereka, likunena kuti mwagulitsa, ndipo kawirikawiri pamodzi ndi contract amakusainitsani assignment ndi fomu ya consent zopanda deti. Mukachedwa mwezi umodzi, iye amangolemba deti, kulipira msonkho, ndi kusintha title. Nyumba ya K500,000 yapita pa K80,000. Mukapita ku khoti, ntchito yoonetsa kuti zimene munasaina si zimene munagwirizana idzakhala yanu, ndipo mlandu wotere umadya zaka ndi ndalama za maloya. Ena amapambana, koma atavutika.

Nkhongole yoona imalembedwa monga nkhongole: ndalama zingati, chiwongoladzanja chotani, kubweza liti. Ngati nyumba ndi chikole, palembedwe mortgage, chifukwa pa mortgage muli ndi ufulu wowombola nyumba yanu, wobwereketsa kawirikawiri amadzera ku khoti, ndipo nyumba ikagulitsidwa zotsala pa nkhongole zimabwerera kwa inu. Funsaninso ngati munthuyo ali ndi laisensi ya Money-lenders Act kapena ya Bank of Zambia. Ngati zipinda zina zatha, lowetsani wa lendi mbali imeneyo, ngakhale pa mtengo wotsika, kusiyana n'kupereka title kwa kaloba.

Ndikugulitsa nyumba ku Katete pa K900,000. Zidzatsala zingati m'manja mwanga? Wogula akuti tilembe K500,000 pa contract kuti msonkho uchepe.
*Wopuma pa ntchito, Katete*

Property Transfer Tax amalipira ndi wogulitsa. Inali maperesenti 5, ndipo kuyambira Januwale 2025 inakwera kufika pa 8. Pa K900,000 ndi K72,000. Onjezerani fiizi ya consent, ground rent ndi ma rates onse otsalira, loya wanu, ndi komishoni ya agent ngati mwagwiritsa ntchito agent. Komishoniyo mugwirizane polemba musanayambe, ndipo agent akhale wolembetsedwa ku Zambia Institute of Estate Agents. Ngati nyumba ili ndi mortgage, banki idzayamba yatenga zake isanatulutse title.

Zolemba mtengo wabodza zikaneni, Bambo. ZRA imawerengera msonkho pa mtengo wa pamsika ngati uli woposa umene mwalemba, ndiye bodzalo silingakupulumutseni, ndipo ndi mlandu. Komanso wogulayo akapereka K500,000 n'kuima, pepala limene munasaina lidzanena kuti wamaliza kulipira.

Nyumba imene ndikufuna kugula inali ya bambo amene anamwalira. Akugulitsa ndi mwana wawo woyamba, amene akuti ndiye administrator. Mtengo ndi wabwino kwambiri.
*Wowerenga, Lundazi*

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Administrator si mwini nyumba, ndi wosungira anzake. Intestate Succession Act ya 1989 imagawa chuma cha munthu womwalira wopanda wilo motere: maperesenti 50 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo, 10 kwa ena amene ankadalira malemuwo. Nyumba imene banja linkakhalamo ndi ya wamasiye ndi ana onse pamodzi, ndipo wamasiyeyo ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso kapena kukwatiranso. Lamulo lomwelo limaletsa administrator kugulitsa nyumba kapena malo popanda chilolezo cha khoti.

Ndiye mupemphe zinthu zitatu: pepala la khoti limene linamuika kukhala administrator, lolembetsedwa ku Lands pa nambala ya nyumbayo, order ya khoti yolola kugulitsa, ndi kalata yosainidwa ndi mayi wamasiye ndi ana onse akuluakulu. Funsani mosanyengerera ngati malemu anali ndi ana kwina, chifukwa lamulo limawawerengera onse monga ana a malemu. Ngati ma administrator ali awiri, asaine onse. Chimodzi mwa izi chikasowa, mwana wamng'ono amene lero ali giredi 7 angadzakutulutseni m'nyumbamo atakula, ndipo ndalama zanu mudzazifuna kwa munthu amene anadya kalekale.

Mwamuna wanga ndi wa ku Mchinji, ine ndine wa ku Vubwi. Tingalembe mayina athu tonse pa title?
*Mayi, Chipata*

Lands Act imalola munthu amene si nzika ya Zambia kukhala ndi malo pa zifukwa zowerengeka, monga kukhala ndi chilolezo chokhazikika m'dziko muno, kukhala investor wovomerezeka, kapena kupatsidwa chilolezo cholembedwa ndi Pulezidenti. Ukwati pawokha sukwanira. Ngati bambo ali ndi residence permit, pitani nayo kwa loya. Ngati alibe, title ikhale m'dzina lanu, ndipo mulembe wilo yonena za iwo ndi ana.

Wa lendi wanga sanalipire miyezi inayi. Anzanga akuti ndichotse chitseko kapena nditseke madzi. Komanso ndamva kuti ZRA imafuna msonkho wa lendi.
*Landilodi, Chipata*

Chitseko chisiyeni pomwe chili, Bambo. Rent Act imateteza wokhala m'nyumba ya lendi: simungam'tulutse popanda order ya khoti, ndipo simungalande katundu wake popanda chilolezo cha khoti. Mukachotsa malata, kusintha loko kapena kudula madzi, iye ndiye adzakusumirani, ndipo chipukutamisozi chingapose miyezi inayi imene mukuilirira. Mulembereni kalata yonena ndalama zimene ali nazo ndi tsiku lomaliza kulipira, asaine kopi yanu kapena mupereke pamaso pa mboni. Tsikulo likadutsa, pitani ku khoti ndi tenancy agreement, buku la malisiti ndi mauthenga a mobile money. Kusalipira lendi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene lamulo limavomereza kuti mwini atengenso nyumba yake.

Ngati ndi shopu, monga za ku Down Shops, lamulo lake ndi lina, Landlord and Tenant Business Premises Act, ndipo notisi yothetsa lendi imakhala ya miyezi isanu ndi umodzi kufika 12, pa fomu yake. Ambiri amene amagula mashopu kuti awagwetse n'kumanga atsopano amadzidzimuka ndi zimenezi.

Cholakwa chinayamba mwezi woyamba. Wa lendi akadumpha mwezi umodzi, kalata ipite sabata yomweyo, mwaulemu. Munthu amene walephera K2,000 sangapeze K8,000. Kwa amene adzalowe pambuyo pake, tengani depoziti ya mwezi umodzi, kopi ya NRC, ndi kumene amagwira ntchito, ndipo mujambule zithunzi za chipinda chilichonse tsiku lolowa. Agreement yopitirira chaka chimodzi imafunika kulembetsedwa ku Lands, n'chifukwa chake ambiri amalemba ya chaka n'kumaionjezera.

Za msonkho mwamva zoona. Kuyambira 2022 landilodi ndiye amalipira yekha msonkho wa lendi. Mulembetse pa TPIN yanu, ndipo return ya mwezi uliwonse ipite pofika pa 14 mwezi wotsatira. Kwa amene lendi yawo siipitirira K800,000 pa chaka ndi maperesenti 4, ndipo pali kagawo kochepa koyambirira kamene sikakhomeredwa. Malisiti a ZRA amenewa adzakuthandizaninso tsiku limene mudzafune nkhongole, chifukwa ndi umboni wa lendi umene banki imakhulupirira.

Ndili ndi puloti ya title m'munsi mwa phiri, kufupi ndi koleji. Ndimange boarding house ya ana a sukulu kapena mafulati a mabanja? Ndipo ndisamale chiyani pomanga?
*Mlimi wa fodya, Chipangali*

Bambo, boarding house imabweretsa zambiri pa chipinda, koma ndi bizinesi yofuna munthu tsiku ndi tsiku. Ophunzira a ku Chipata College of Education kapena a unamwino amalipira pa bedi, ndipo chipinda cha mabedi anayi chingapose lendi ya banja. Koma muwerengere miyezi isanu ndi inayi pa chaka, pakuti pa holide zipinda zimakhala zopanda anthu. Madzi ndi magetsi amakhala anu, matiresi ndi mabedi ndi anu, mlonda ndi matroni ndi anu. Koleji ikamanga mahositelo ake, msika wanu umachepa chaka chomwecho. Inu muli ku munda ku Chipangali kuyambira pofesa nazale mpaka pogulitsa fodya. Ngati mulibe munthu wokhulupirika wogona pamalopo, mangani mafulati a zipinda ziwiri, amene aphunzitsi, apolisi ndi anamwino amatha kulipira. Mukhozanso kujambula pulani yoti khomo limodzi likatsekedwa boarding house isanduke mafulati.

Musanakumbe, pulani ivomerezedwe ndi Chipata City Council pansi pa Urban and Regional Planning Act ya 2015. Puloti yolembedwa kuti ndi ya nyumba imodzi imafuna change of use, chilolezo chosintha ntchito ya malo, kuti pakhale boarding house, ndipo nyumba yopanda pulani yovomerezeka valuer wa banki amaitsitsa mtengo. Werenganinso kalata yanu ya offer ndi lease: zimapereka nthawi yoti mukhale mutamanga, kawirikawiri miyezi 18, ndipo puloti yongokhala tchire boma lingathe kuilanda.

M'munsi mwa mapiri a Chipata mdani ndi madzi. Pitani pa puloti mu Januwale kapena Febuluwale mvula ikugwa, muone kumene madzi amadzera. Kumbani ngalande kumtunda kwa nyumba yowapatutsa, ndipo silabu ikwere masentimita osachepera 30 pamwamba pa nthaka ya kumtundako. Pa malo otsetsereka maziko akumbidwe mwa masitepe kuti paliponse akhale pa dothi lolimba. Dothi lothira m'kati lisindidwe pang'onopang'ono, masentimita 15 nthawi imodzi, likunyowetsedwa. Lothiridwa kamodzi limatitimira pakatha mvula ziwiri ndipo pansi pamang'ambika. Thirani mankhwala a chiswe musanayale pulasitiki, ndipo pulasitikiyo isabooke. Ngati mbali ina ili ndi dothi lakuda la kudambo, limene limatupa m'dzinja ndi kung'aluka m'chilimwe, itanani injiniya aike zitsulo m'maziko. Ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi khoma long'ambika kuchokera pa windo mpaka pansi.

Mabuloko a mainchesi 6 amalowa 12 ndi theka pa sikweya mita imodzi ya khoma, ndiye mungawerengere nokha musanakhulupirire nambala ya kontirakita. Oumba ena amatulutsa mabuloko 50 pa thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50. Otere amafumbutuka ndi chala. Tengani buloko imodzi, muigwetse kuchokera m'chiuno pa nthaka youma. Ikaphwanyika, musagule. Mukaumba nokha, athirireni madzi masiku asanu ndi awiri pamthunzi.

Pa nyumba ya lendi, chimene chimayambitsa ndewu zambiri ndi mabilu. Fulati iliyonse ikhale ndi mita yake ya ZESCO ndi mita yake ya madzi, ndipo mapaipi ndi mawaya ayalidwe motero kuyambira pachiyambi, chifukwa kuwagawa pulasitala itatha n'kugumula makoma. Ikani thanki ya madzi pa sitandi. Mukakumba borehole, ilembetsedwe ku WARMA, bungwe loyang'anira madzi, ndipo italikirane ndi sepitiki tanki kapena chimbudzi ndi mamita 30, kuphatikizapo za oyandikana nanu. Pa puloti yotsetsereka borehole ikhale kumtunda, soakaway kumunsi. Sepitiki tanki ya boarding house iwerengeredwe pa mabedi, osati pa zipinda, ndipo ikhale pamene galimoto yopopa ingafike popanda kugwetsa mpanda.